Loya wa Amasiye a ku Portlennie

Innes Mair anabadwira m'nyumba yachitatu kuchokera padoko la Portlennie, m'banja limene amuna onse anali asodzi ndipo ambiri a iwo analibe manda. Amene anamulera ndi mlongo wake Wilma, yemwe anali wamkulu kwa iye ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Mayi awo ankadwaladwala chifuwa, bambo awo ankatha masiku khumi ali panyanja n'kubwera kudzagona awiri okha, ndiye Wilma ndi amene ankamuphikira phala, kumupesa, n'kumukokera kusukulu mphepo ikuwakwapula kumaso.

Mutu wa Innes unali wakuthwa, moti aphunzitsi anachita kubwera kunyumba kudzapempha kuti mwanayu asadzakwere boti. Bambo awo anayankha kuti pakhomo pawo panalibe wodya zaulere: ngati wina atsale pasukulu, wina atuluke. Amene anatuluka ndi Wilma, ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Analowa ntchito kufakitale ya a Garrioch, kumene akazi ankaima tsiku lonse akutumbula nsomba m'madzi ozizira olasa m'mafupa, zala atazikulunga tinsanza. Tsiku limene Innes ankanyamuka kupita ku Aberdeen kukaphunzira zamalamulo, Wilma anamuperekeza kokwerera basi.

"Ukakafika kumeneko usakachite manyazi ndi fungo la nsomba," anatero.

"Ine sindinunkha nsomba, achemwali."

"Ukunama. Tonse timanunkha. Ena amangodziwa kudzola zonunkhira pamwamba pake."

Pamene Innes ankamaliza maphunziro, Wilma anali atakwatiwa ndi Dod Slater, munthu wofatsa wa manja ngati mafosholo, kaputeni wa boti la a Garrioch lotchedwa Elspeth Ann. Anali ndi mwana mmodzi, Sheena. Mu Novembala 1974 botilo linanyamuka Lolemba m'mawa ndi amuna asanu ndi awiri. Lachinayi kunabwera namondwe. Maboti ena onse anabwerera, ena milongoti itathyoka, koma Elspeth Ann ayi. Patatha sabata nyanja inalavula mabokosi anayi a nsomba ndi jombo imodzi. Maliro anawalira popanda mtembo, monga timachitira kawirikawiri kwathu kuno.

Akazi a amunawo ankadziwa chinthu chimodzi. Paipi yotulutsa utsi wa injini inali yobooka, ndipo utsiwo unkalowa m'chipinda chogona. Amuna awo ankabwera kunyumba mitu ikuwawa, makhololo ali bii. Kuti apeze mpweya, ankamangirira chitseko cha pamwamba ndi chingwe kuti chikhale chotsegula, chonsecho chitseko chimenecho n'chimene chimatchinga mafunde. Dod anawauza a Garrioch katatu, ndipo katatu konse anamuyankha kuti akonza akabwerako ulendo winawo.

Boma litaitanitsa bwalo lofufuza za ngoziyo, a Garrioch anabweretsa loya wa imvi wochokera ku Edinburgh, wolankhula ngati mawu aliwonse ayamba wawalawa. Amasiye analibe wowaimira. Innes, yemwe nthawiyo anali ndi zaka 27 ndipo ankalemba mapepala ogulitsira nyumba mu ofesi ya munthu wina, anapempha tchuthi. Atamukaniza, anasiya ntchito n'kukwera basi yobwerera kwawo.

Kwa masiku anayi holo ya m'tawuni inadzaza mpaka pakhonde. Wilma sanaiwale mmene mlongo wake anaimira maso ndi maso ndi a Garrioch, mwini maboti khumi ndi anayi, mkulu wa mpingo, munthu amene bambo awo ankamuvulira chipewa akadali patali.

"Bambo Garrioch, paipi ija munaikonza liti?"

"Mu Seputembala."

"Anakonza ndani?"

"Anyamata anga."

"Anyamata anuwo ali ndi mayina. Tiuzeni limodzi lokha."

A Garrioch anayang'ana loya wawo, kenaka kudenga. Holo yonse inaona. Koma woweruza ananena kuti zimene munthu wakufa anauza mkazi wake kuchipinda si umboni, ndipo kuti popanda boti lenilenilo chimene chinachitika sichingadziwike. Pomaliza anawonjezera mawu ochepa: mwina kaputeni anachedwa kuthawa namondwe pofuna kuti ayambe wadzaza boti.

Atatuluka, Innes anaima pamasitepe a holo, amayi asanu ndi awiri ovala zakuda ali kumbuyo kwake, n'kuuza atolankhani kuti: "Lero atiuza kuti akufa sayankha. Chabwino. Koma mlandu suola. Tsiku limene Elspeth Ann adzapezeke, ine ndidzakhala woyamba kugogoda pakhomo la boma, ndipo sindidzachokapo mpaka atatsegula."

M'mawa mwake chithunzi cha pamasitepecho chinali m'nyuzipepala zonse za dziko lino. Pansi pake analemba kuti "Loya wa amasiye," ndipo dzinalo linamukanirira.

Atolankhani atapita, chimene chinatsala m'tawuni ndi "mwina" uja wa woweruza. Palibe anamunena Wilma pamaso. Koma m'sitolo ya buledi nkhani zinkaduka iye akangolowa, ndipo mayi wina amene anataya mwana wake mmodzi yekhayo paboti lija anasiya kukhala naye benchi limodzi kutchalitchi. Tsiku lina Sheena anabwera kuchokera kusukulu kolala itang'ambika, chifukwa mnzake anamuuza kuti bambo ake anamiza anthu kaamba ka dyera. Amene sanamutaye Wilma ndi Elma Findlay, yemwe mwamuna wake anali woyang'anira injini pa Elspeth Ann. Elma anali wamfupi, wosuta fodya ngati chumuni, ndipo pakamwa pake panalibe chitseko. Awiriwa anabwerera limodzi kukatumbula nsomba kufakitale ya a Garrioch omwewo, pakuti ntchito ina m'tawunimo munalibe.

Patatha zaka zinayi, akuluakulu a chipani anamupempha Innes kuti aimire dera lathu ngati phungu. Lamlungu masana anabwera kwa Wilma kudzamuuza, n'kukhala pampando wa Dod.

"Loya amagogoda ali panja, achemwali. Phungu amagogoda ali m'kati."

"Ndiye ukalowa m'katimo udzatitsegulira?"

"Nanga ndikuloweranji?"

Amasiye anayenda khomo ndi khomo mvula ikuwathera pathupi, akugawa mapepala okhala ndi chithunzi cha pamasitepe chija. Ngakhale mayi uja wa benchi anayenda nawo. Innes anapambana mosachita kufunsa.

Zoona zinenedwe, Innes sanali phungu waulesi. Khoma latsopano la padoko ndi ntchito yake. Kachipatala kamene ankafuna kukatseka kalipo mpaka lero chifukwa cha pakamwa pake. M'Nyumba ya Malamulo ku London akaimirira kuti alankhule, ngakhale adani ake ankabwerera m'mipando. Anakwatira Rosalind, mwana wa jaji wa ku Edinburgh, n'kugula nyumba kumeneko ya zipinda zochuluka kuposa anthu ogonamo. Kalankhulidwe ka kwathu ankakavala ngati jekete: akatsika sitima ku Aberdeen avala, akamakwera pobwerera avula. Novembala aliyense ankabwera padoko kudzaponya nkhata ya maluwa m'madzi, ndipo chaka chilichonse Wilma ankamufunsa funso lomwelo.

"Boti silinapezeke, achemwali," ankayankha choncho. "Komanso ife tili kotsutsa boma. Dikirani tilowe."

Analowadi. Chipani chake chitapambana, Innes anasankhidwa kukhala wachiwiri kwa nduna, woona za maboti ndi madoko. Elma atamva pawailesi anathamangira kwa Wilma atavala masilipasi.

"Mulungu wayankha, mnzanga," anatero akupuma mwawefuwefu. "Wachedwa ngati basi ya Lamlungu, koma wafika."

Chaka chotsatira, kampani ina yoyala mapaipi a mafuta pansi pa nyanja inatsitsa kamera kuti ione njira, ndipo kamerayo inaona boti litakhazikika bwinobwino pamchenga, dzina lake likuwerengeka: Elspeth Ann. Panali patatha zaka 24. Mabanja analemba kalata yopempha kuti bwalo litsegulidwenso. Wilma anagula diresi latsopano loti adzavale kubwaloko, n'kulipachika kuseri kwa chitseko.

Yankho linabwera patatha miyezi isanu, ndime ziwiri zokha. Boma linati laona zithunzizo, silinapezemo umboni watsopano, ndipo malowo asiyidwe mwaulemu ngati manda. Pansi pake panali dzina losainidwa ndi inki yabuluu. Wilma analiyang'ana nthawi yaitali. M wa Mair, wamiyendo yopendekera ujayo, amene anamuphunzitsa Innes kulemba ndi iyeyo, pasileti, patebulo lomwe ankawerengerapo kalatayo.

Loweruka loyamba la mwezi phungu ankakumana ndi anthu a m'dera lake m'kaofesi ka pamwamba pa sitolo ya nsapato. Wilma ndi Elma anafola pamzere wa pamasitepe, kumbuyo kwa bambo wina wodandaula za ngalande. Nthawi yawo itakwana, m'chipindamo munatuluka Magnus Garrioch, mwana wa a Garrioch aja, yemwe tsopano anali mwini fakitale komanso wapampando wa chipani m'dera lathu. Anawapatsa moni mwaulemu n'kutsika.

Innes anadzuka atawaona. Anali atanenepa, tsitsi litayamba imvi m'mbali.

"Achemwali, bwanji osangondiimbira foni? Ndikanabwera kunyumba."

"Sindinabwere kwa mlongo wanga. Ndabwera kwa nduna, n'chifukwa chake ndafola."

Elma anayala kalata ija patebulo n'kuisalaza ndi chikhatho. "Tatiwerengerani, bwana nduna. Maso athu anatha ndi mchere."

"Mayi Findlay, nkhani imeneyi ili ndi mbali zambiri."

"Ili ndi mbali ziwiri, bwana: pamwamba pa madzi ndi pansi pa madzi. Inu muli pamwamba."

Innes anakhala pansi n'kuyamba kufotokoza za akatswiri, za kuya kwa malowo, za ndondomeko. Mawu ankatuluka osalala ngati akuwerenga. Wilma anamusiya kuti amalize.

"Zithunzizo waziona ndi maso ako?"

"Ndaziona."

"Tionetse."

"Malamulo sandilola."

"Malamulo ake ati? Omwe aja unkaphunzira ine ndikutumbula nsomba?"

Khosi la Innes linafiira. "Pali zimene ndikudziwa zoti inu simukuzidziwa. Chonde ndikhulupirireni."

"Ndakukhulupirira zaka makumi awiri ndi zinayi. Unati sudzachoka pakhomo la boma."

"Sanachokedi," anatero Elma. "Anangomulemba ntchito ya ulonda."

"Nanga Magnus amadzatani muno?" Wilma anafunsa.

"Za chipani basi."

Wilma anapinda kalata ija n'kuibweza m'chikwama. Pakhomo anatembenuka. "Novembala uno usabwere padoko. Ukabwera, nkhata yakoyo ndidzakukoleka m'khosi anthu akuona."

Sanabwere. Patangotha masabata atatu, wailesi inalengeza kuti Innes Mair wakwezedwa kukhala nduna yeniyeni. Tsiku lomwelo Wilma anatsitsa diresi lija n'kukalipereka kusitolo ya zovala zothandizira osauka, pepala la mtengo likadalipo.

Kwa zaka khumi ndi chimodzi awiriwa sanalankhulane. Makhadi a Khirisimasi ochokera ku Edinburgh Wilma ankayatsira moto osawatsegula. Unduna wa Innes sunakhalitse: patatha zaka ziwiri anamuchotsa pafoni, ali pabwalo la ndege, kuti malowo apatse wina wachinyamata. Pachisankho chotsatira anagwa ndi mavoti ochepa chabe, ndipo limodzi mwa mavoti amene anamugwetsawo linali la Wilma, yemwe anavotera dokotala wina wa mano wosamudziwa n'komwe. Kenaka anamupatsa ulemu wa "Sir", n'kubwerera kumakhoti a ku Edinburgh, kumene tsopano ankaimira makampani. Amasiye aja ankatha mmodzimmodzi. Elma anamwalira ndi matenda a m'mapapo, m'kachipatala komwe kaja Innes anakapulumutsa. Mawu omaliza amene Wilma anawamva bwinobwino anali akuti: "Ukadzamuona bwana nduna umuuze kuti ndatsogola kukamusungira malo. Pafupi ndi moto."

Masana ena mu Epulo, takisi inaima pakhomo pa Wilma. Munatuluka nkhalamba yoonda, chikhoti chikulendewera m'mapewa ngati chobwereka, dzanja limodzi ndodo, lina envulopu yaikulu. Wilma anaima pazenera kaye asanazindikire kuti ndi mwana uja ankamupesa.

Anamutsegulira. Anatereka ketulo, chifukwa kwathu kuno ngakhale mdani akalowa m'nyumba sakhala kukamwa kouma. Koma mpando wa Dod anauikira dengu la zochapa.

"Mukuoneka bwino, achemwali."

"Iwe sukuoneka bwino. Wabwera ndi chiyani?"

Innes anatsegula envulopu n'kuyala zithunzi zisanu ndi chimodzi patebulo. Zinali zobiriwira, zachimbuuzi ngati zojambulidwa m'nkhungu. Wilma anavala magalasi. Elspeth Ann anali atakhala chilili pamchenga, ndere zitamera pamlongoti. Pachithunzi chachinayi panaoneka chitseko cha pamwamba chili chotsegula, chitamangiriridwa kuchitsulo ndi chingwe. Wilma anabweretsa chithunzicho pafupi ndi maso. Mfundoyo anaidziwa. Inali ya Dod, yokulunga kawiri, yomwe ankamangira chingwe choyanikira zovala kuseri kwa nyumba.

Anakhala pansi.

"Akatswiri a kuunduna ataona chimenecho," Innes anayamba kulankhula motsitsa, "anati nkhani yatha: kaputeni anasiya chitseko chotsegula panamondwe. Bwalo likanatsegulidwa, 'mwina' uja akanasanduka 'ndithu'. Ndinafuna kukutetezani, inu ndi Sheena."

"Iwe sukudziwa chifukwa chimene ankamangira chitseko?"

"Ndikudziwa."

"Unaima m'holo masiku anayi ukukuwa za paipi. Chitseko ndi ichi, chingwe ndi ichi, zonse monga tinanenera ife, zomwe woweruza anati n'zakuchipinda. Nanga paipiyo ikuoneka?"

"Ili m'kati. Pankafunika kutsitsa anthu omira m'madzi kuti akaione."

"Ndiye unalekeranji kuwatsitsa?"

Innes anayang'ana m'kapu mwake.

"Akanatsika akanapeza chiyani?"

"Mwina bowo lija. Mwina dzimbiri lokhalokha, losasonyeza kanthu."

"Nawenso wayamba 'mwina'."

Kunja mbalame za kunyanja zinkalimbirana zinyalala padenga la fakitale. Innes atayambanso kulankhula, mawu ake sanali osalala ngati kale.

"Panali maboti ena omira asanu ndi anayi, achemwali, m'madoko ena, mabanja ake akudikira kuona chimene tichite ndi Elspeth Ann. Akuluakulu anandiuza kuti ndikatsegula bwalo limodzi ndatsegula onse. Anandiuzanso kuti dzina langa lili pamndandanda wa okwezedwa. Sanandiopseze ayi. Anangondiuza zinthu ziwirizo tsiku limodzi."

"Nanga Magnus?"

"Magnus sanandipemphe kanthu. Panalibe chifukwa choti apemphe."

"Ndiye za kunditeteza zija?"

"Zinali zoonanso. Ndinkaopadi kuti amunyoza Dod kachiwiri. Kungoti mantha amenewo anandipeza ndikuwafuna."

Wilma anavula magalasi. Zaka zonsezi ankaganiza kuti tsiku limene adzamve zoona adzakuwa, adzaswa mbale. Koma m'chifuwa mwake munangouma gwa.

"Bwanji lero?"

"Madokotala akuti sindiona chisanu chikubwerachi."

"Ndiye wabwera kuti ndikusambitse usananyamuke."

"Ndabwera kuti muone."

"Ndaona. Tsiku lija tinafola pamasitepe ako tinalipo asanu ndi mmodzi oti tione. Mayi Reid, aja a benchi, anafa akundiyang'ana ngati ndine ndinamiza mwana wawo. Elma anafa osadziwa ngati mwamuna wake ankanama za utsi. Lero tatsala awiri, ndipo winayo sakumbukiranso dzina lake lomwe."

"Ndinachitanso zabwino, achemwali. Khoma lija. Chipatala."

"Pita kuchipatalako akakukhululukire. Ali ndi mabedi."

Innes anayamba kusonkhanitsa zithunzi, koma Wilma anaika dzanja pamwamba pake. "Izi zitsala."

Anamuimbira takisi. Pakhomo, zala za Innes zinkalephera kumanga mabatani a chikhoti. Manja a Wilma anapita okha n'kumumangira onse mpaka la pakhosi, ndipo anadzida chifukwa cha zimenezo. Innes anadikira pang'ono, ngati pali mawu ena amene atuluke. Wilma anatseka chitseko.

Sabata yotsatira anatenga zithunzizo n'kupita nazo kwa loya wina wachitsikana ku Aberdeen. Mtsikanayo anamumvetsera mwaulemu, anaimba mafoni, ndipo patatha mwezi anamuitananso. A Garrioch akuluakulu anali atamwalira kalekale. Kampani yawo ya maboti inagulitsidwa kawiri kenaka n'kuthetsedwa. Ndipo Elspeth Ann, amene pachithunzi anali wathunthu, makoka a maboti akuluakulu anali atamukwekwereza zaka zonsezi mpaka kumumwaza pamchenga.

"Mukanabwera zaka khumi zapitazo, mayi, tikanakhala ndi pogwira," anatero mtsikanayo. "Pepani kwambiri."

Wilma anabwerera kunyumba n'kuika envulopuyo m'kabati, pansi pa nsalu za patebulo. Sheena ankabwera Lachisanu lililonse kuchokera kusukulu kumene ankaphunzitsa, koma Wilma sanamuuze kanthu.

Innes anamwalira mu Seputembala. Nyuzipepala zinatulutsanso chithunzi cha pamasitepe a holo, mnyamata wa tsitsi lakuda atakweza chala, amayi asanu ndi awiri ali kumbuyo. Madzulo ake mwana wake Rory anaimba foni kuchokera ku Edinburgh.

"Azakhali, tikufuna amayi aja a Elspeth Ann adzakhale kutsogolo kutchalitchi. Bambo akanakondwa. Titumiza galimoto."

"Galimoto ya anthu angati?"

"Kaya, onse amene alipo."

"Amene alipo ndi ine. Ndibwera pabasi."

Anapita ndi Sheena. Tchalitchicho chinali chachikulu, chozizira, chodzaza ndi majaji ndi andale okalamba. Pabenchi lachiwiri kutsogolo anali ataikapo kapepala kolembedwa kuti "Amasiye a ku Portlennie". Wilma anakawerenga, anagwira Sheena pamkono n'kukakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi oyendetsa magalimoto. Bambo wina amene anakhalapo nduna limodzi ndi Innes analankhula kwa theka la ola. Anati malemuwa anali liwu la anthu opanda liwu, munthu amene sanaiwale kumene anachokera. Anthu anagwedeza mitu. Wilma anaimba nawo salimo chifukwa salimo linalibe mlandu, koma tiyi wa pambuyo pa mwambo sanamudikire.

M'basi yobwerera anakhala mbali ya kunyanja. Atadutsa Dundee, Sheena anati, "Amayi, mwangoti duu kuyambira m'mawa. Kodi amalume atabwera mu Epulo muja anadzanena chiyani?"

Wilma anali atanyamula envulopu ija m'chikwama, osadziwa bwinobwino chifukwa chake. Miyezi isanu anaibisa, akudziuza kuti mwana wake akaona chitseko chotsegulacho adzakumbukira mawu a kusukulu aja, ndipo kuli bwino asaone. Basi ikugwedera choncho, anazindikira kuti awa anali mawu omwewo amene anamva kwa Innes patebulo pake. Anaitulutsa n'kuiika pamiyendo pa Sheena.

Sheena, mayi wa zaka makumi anayi ndi mphambu, wa imvi zake, anayang'ana zithunzizo chimodzichimodzi. Pachinayi anaima.

"Chitseko n'chotsegula."

"Ee."

"Anamanga ndi bambo?"

"Mfundoyo ndi yawo."

Wilma anamufotokozera zonse: za paipi, za akatswiri, za maboti asanu ndi anayi, za mndandanda wa okwezedwa, za loya wa ku Aberdeen. Sanachotsepo kanthu, ngakhale za miyezi isanu ya m'kabati. Sheena anamvetsera osamudula, misozi ikutsikira m'kolala.

"Ndiye bambo analakwa kapena sanalakwe, amayi?"

"Ankafuna kupuma, mwanawe. Iwo ndi anzawo asanu ndi mmodzi. Zina zonsezo amene akanatiuza tamuika lero."

Sheena anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja n'kufunsa ngati angatenge chithunzicho. Wilma anamupatsa zonse zisanu ndi chimodzi. Ku Aberdeen anapeza basi ya ku Portlennie itanyamuka kale, ndipo anakhala pabenchi ola lathunthu kudikira ina, mvula ikuwaza cham'mbali.